Mbaula Zonyezimira za a Zitheka

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso basi. Mumsewu wonse wa amisiri, kuyambira kwa wokhoma mipando mpaka kwa womata matayala, aliyense ankawatchula kuti a Zitheka, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Ubwere ndi wilibala yothyoka mwendo, "zitheka." Ubwere ndi bedi lachitsulo lomwe dzimbiri linadya kalekale, "zitheka." Wina anabweretsapo poto wobooka paliponse, iwo n'kuyang'ana potoyo, n'kuyang'ana mwini wake, n'kunena kuti, "Zitheka, koma mukanangogula wina."

Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo. Anaiphunzira ali mnyamata, sukulu itawakana, ndipo anakulira momwemo mpaka ndevu zinayamba imvi. Shedi yawo inali kumapeto kwa msewuwo, denga la malata akale, pansi pali mbwee tizidutswa ta mapaipi ndi ta mawaya. Mageti, mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, zonse zinkatuluka m'menemo zili zowongoka bwino. Maso awo ankakhala ofiira chaka chonse, chifukwa chigalasi chotchingira kumaso ankachikumbukira ntchito itatha. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, ndipo ankakonda kuseka kuti malaya a amuna awo sachedwa kuuma pachingwe, mphepo imangodutsa m'mabowo a moto. Ana anali atakula n'kupita kwawokwawo, m'nyumbamo munatsala awiriwo.

Luso analidi nalo, palibe ankatsutsa. Vuto linali lakuti pakamwa pankathamanga kuposa manja, ndipo mawu akuti "sindinamalize" ankawaona ngati kudzitukwana.

Anali ndi mng'ono wawo mmodzi yekha. Ameneyu sukulu inamukonda, n'kupeza ntchito ya muofesi pakampani ina yaikulu, n'kumanga nyumba kumbali ina ya tauni, komwe anthu amathirira kapinga m'malo mwa ndiwo zamasamba. Geti la nyumbayo anapanga ndi a Zitheka. Abale awiriwa sankadana ayi. Kungoti a Zitheka ankapitako pakakhala chothyoka, atavala ovolosi, ndipo alendo akawapeza pamenepo ankawapatsa moni wa mmisiri, uja wongokweza dzanja uli m'galimoto. Palibe ankawauza kuti munthu wanyonyomala pagetiyo ndi mkulu wake wa mwini nyumba. Iwo ankangoti zilibe kanthu, koma zinali ndi kanthu.

Chaka china, nyengo yozizira itangoyamba, mng'ono uja anakwezedwa pantchito. Mkazi wake anakonza zoti pakhale phwando pakapinga, Loweruka masana mpaka dzuwa kulowa, mabwana a kuofesi abwere ndi mabanja awo. A Zitheka anamva nkhaniyi akukonza geti lomwe linayamba kukhula pansi. Mlamu wawoyo anali pafoni pakhonde, akufunsa za zotenthetsera za gasi, zazitali zovala chipewa zija, zomwe amabwereketsa anthu a matenti. Atangodula foni, a Zitheka anaika hamala pansi.

"Alamu, mpaka mukabwereke moto kwa anthu achilendo, ine ndili moyo?"

"Si choncho, alamu. Kuno dzuwa likangopendeka kumazizira kwambiri, ndiye ndikufuna anthu afunde koma popanda utsi. Pakhala ovala zoyera. Komanso bambo anga abwera, chifuwa chawo chija mukuchidziwa."

"Utsi? Mbaula yanga ine utsi? Ndikupangirani zazitali, za chumuni, utsi wonse uzikathera kumitambo. Anthu adzavula majekete pano. Zitheka."

Mlamu wawo anayang'ana mwamuna wake, yemwe ankatuluka m'nyumba ndi kapu ya tiyi. Mwamunayo anati, "Apatseni achimwene. Ntchito yawo timaidziwa."

Kwa wogulitsa zitsulo zakale a Zitheka anapeza migolo itatu yolimba bwino. M'kati mwake munali zakuda zouma, zonga phula. Atamufunsa kuti munkakhala chiyani, wogulitsayo anangoti, "Ine ndimagula chitsulo, mbiri yake sindigula."

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Anaika miyendo, kakhomo koponyera makala, zogwirira m'mbali, ndi chumuni chachitali chovala kachipewa. Pamimba pa mgolo uliwonse anaboola maluwa ndi nyenyezi kuti moto uzioneka ukuwala. Geti la mayi wina linadikira, bedi la mphunzitsi wina linadikira. Magetsi nawo anachita zawo, kuzima pamene munthu wawafuna, moti mbaula zinatha Lachisanu madzulo, phwando lili mawa lake.

Apa ndi pamene panagona nkhani. A Zitheka ankadziwa bwino lomwe, monga adziwira mmisiri aliyense, kuti mgolo wotere umayamba wauwotcha wokha pabwalo, tsiku lathunthu, mpaka zam'kati zipsereretu. Ankadziwanso kuti penti wa pageti sapirira moto. Koma pashelefu panali chitini cha penti wasiliva wotsala, ndipo atapaka mbaula yoyamba n'kubwerera m'mbuyo kuti aione, mtima unawauza kuti chinthu chokongola chonchi sungayambe ndi kuchidetsa. Makala abwino sachita lawi lalikulu, anadziuza choncho. Phwando la masana amodzi lingavute chiyani?

Wokhoma mipando woyandikana nawo anasuzumira. "Eee, izi ndiye za kuhotela! Koma mwaziyesa?"

"Ndi nsapato kuti ndiziyese?"

Kunyumba akazi awo anafunsa funso lomwelo akusita suti. Iwo anayankha kuti inde, maso ali kwina.

Loweruka mbaula zija zinaimikidwa mozungulira tenti, zikunyezimira padzuwa ngati zatsika kumene m'sitolo. A Zitheka anavala suti yomwe inali itayamba kukana kutseka pamimba, n'kuima pafupi ndi imodzi, manja kumbuyo ngati mlonda. Akazi awo anapita kukathandiza kukhitchini.

Mlendo aliyense akalowa ankayamba waima pa mbaula. Ena ankazigogoda ndi chala, ena kusuzumira m'kakhomo. Mkazi wa bwana wamkulu, atavala diresi loyera lofika kumapazi, anajambulitsa pomwepo. Kenako mng'ono uja anabwera ndi bwanayo, n'kugwira a Zitheka paphewa.

"Bwana, awa ndi achimwene anga, a bere limodzi. Zonsezi apanga ndi manja awo."

Bwanayo anawapatsa moni wa manja awiri. "Kwathu ndikufuna zoterezi," anatero. A Zitheka anamva ngati atalika. Anayamba kufotokoza za chumuni, momwe mpweya umalowera pansi n'kukankhira utsi kumwamba, ndipo sanasiye mpaka bwanayo anaitanidwa kwina.

Dzuwa litapendeka, kamphepo kanayamba kuluma makutu. Azimayi anayamba kukumbatira mapewa awo, azibambo manja m'matumba. A Zitheka anavula jekete n'kulikoleka pampando, n'kukoleza mbaula zonse zitatu okha, osalola wina kukhudza. Maluwa ndi nyenyezi zija zinafiira. Anthu anakokera mipando pafupi, ena n'kuwomba m'manja. Bambo ake a mlamu wawo, nkhalamba yoonda yokonda nthabwala, anaikidwa pampando wapafupi kwenikweni, n'kutambasula zikhatho.

Kwa kanthawi zonse zinali bwino, ndipo kanthawi kameneko a Zitheka amakakumbukira mpaka lero, ngakhale safuna.

Kenako kunabwera fungo. Poyamba anthu ankayang'ana pansi pa nsapato zawo, kuganiza kuti wina waponda chinachake. Penti anayamba kutupa matuza, kuphulika, kusenda. Siliva uja anasanduka wachikasu, kenako bii. Zakuda za m'kati zija zinasungunuka n'kuyamba kudontha m'mabowo a maluwa zikuyaka, kugwera pakapinga. Utsi wokhuthala unakana chumuni, unatulukira paliponse, mphepo n'kuutenga kuulowetsa m'tenti momwe munali zakudya. Mwaye unkagwa ngati mvula yowaza, pansalu za matebulo, pakeke, padiresi loyera lija. Anthu anayamba kutsokomola, mipando kugwa, ana kulira. Nkhalamba ija inagwira pachifuwa, mpweya ukulira ngati chitseko chadzimbiri.

"Mankhwala awo opopera ali m'chikwama!" anakuwa mlamu wawo. "Thamangani!"

Chingwe cha tenti chomwe chinali pafupi ndi mbaula ina chinagwira moto. A Zitheka anaona maso a anthu akuwafunafuna. Anaona mng'ono wawo ataima pakati pa utsi, tambula ili m'manja, akuwayang'ana ngati mwana wosochera pamsika.

"Ndikatenge madzi!" anakuwa motero, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba.

Mpopi unalipo. Ndowa inalipo, pansi pa mpopi penipeni. Anaiona. Chapafupi panali kageti kotulukira kumsewu wa kumbuyo. Mpaka pano sadziwa kuti anaganiza nthawi yanji. Anangozindikira ali kunja, kageti katsekeka kumbuyo kwawo, miyendo ikupita yokha. Anadutsa tauni yonse wapansi, opanda jekete, tayi ikulendewera, mphepo ikuwabaya m'nthiti. Pamphambano iliyonse ankadziuza kuti abwerere. Koma akabwerera akanena kuti anali kuti? Mtunda ukamakula, funsolo nalo linkakula, mpaka anangopezeka ali pakhomo pawo.

Anakhala pabedi kuchipinda osavula nsapato. Kutada ndithu anamva galimoto ikuima panja, kenako mawu a mng'ono wawo.

"Achimwene afika, alamu? Ndiwaone."

"Asiyeni lero, alamu. Pitani mukaone apongozi anu," anayankha mawu a akazi awo.

Bambo wamkulu, wandevu zake, anakhala duu kuseri kwa chitseko mpaka galimoto inapita.

Akazi awo analowa atanyamula jekete lija kudzanja lamanzere. Lamanja linali lokulungidwa ndi bandeji mpaka pamkono. Anaika jekete pampando, n'kufunsa ngati amuna awo adyako kanthu.

Zomwe zinachitika a Zitheka anakazimva Lolemba kwa wokhoma mipando, poti mlongo wake anali mmodzi mwa operekera zakudya paphwandopo. Nkhani inali itafika kale msewu wonse. Akuti anthu onse akuthawa utsi, akazi a Zitheka anatuluka kukhitchini, kukoka nsalu ya patebulo, kuiviika m'beseni losambira m'manja, kugwira nayo mbaula ya pafupi ndi tenti n'kuyamba kuikokera kutali. Nsalu inauma ali m'njira, chitsulo n'kudya chikhatho, koma sanasiye mpaka anafika nayo pamiyala. Azibambo ena ataona zimenezo ndi pamene anathamangira ndowa. Nkhalamba inapeza mpweya itapopera mankhwala. Ndipo asanawatengere kuchipatala, mayiwo anayenda kwa alendo mmodzimmodzi, dzanja lili m'jagi ya madzi, akupepesa.

"Ankati chiyani?" anafunsa a Zitheka, mawu ali pansi.

Wokhoma mipando anakanda m'mutu. "Ankati, 'Pepani, bambo athamangira kukatenga chozimitsira moto, abwera posachedwa.'"

A Zitheka anatenga chigalasi chotchingira kumaso n'kuvala, ngakhale magetsi anali atazima.

Masabata otsatira makina osokera anakhala ofundika nsalu. Makasitomala ankabwera, kupepesa, n'kutenga nsalu zawo kupita nazo kwa telala wina. A Zitheka ankadzuka m'mamawa kusesa, kutunga madzi, kuchapa, kuphika zomwe akazi awo ankadya osadandaula ngakhale mchere utapitirira. Foni ikalira n'kuona kuti ndi mng'ono wawo, ankangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Kumsewu wa amisiri, womata matayala ankayamba kutsokomola dala iwo akamadutsa. Zimenezo sizinkawapweteka kwenikweni, ankaona kuti n'zowayenera. Chinkawadya ndi bata la kunyumba, chifukwa silinali bata la mkwiyo. Likanakhala la mkwiyo bwenzi atapepesa n'kuthana nazo.

Tsiku lina masana akusintha bandeji pakhonde, anachiona bwinobwino chikhatho chija. Chinali chofiira, khungu litakwinyika, mzere wa chogwirira chomwe anawotcherera okha utadinda pakati.

"Mayi, bwanji osandikalipira? Nditukwaneni, ndimve."

"Ndikutukwanireni chiyani? Penti?"

"Munandifunsa ngati ndaziyesa. Ndinanama."

"Ndinadziwa. Mukamanama mumayang'ana pawindo." Mayiwo anayang'ana kumsewu. "Penti ndi penti, bambo. Inenso ndinadulapo nsalu ya mkwatibwi molakwika. Chimene sichikundichoka n'china. Nthawi yonse ija ndikukoka chimbaula chanu, maso anga anali pakona ya nyumba. Ndinkati atulukira pompano ndi ndowa. Ndi m'galimoto momwe, tikupita kuchipatala, ndinkacheukabe."

A Zitheka anamaliza kumanga bandeji, n'kukhala pansi pasimenti, mutu uli pakati pa mawondo.

"Kukhala kotero sikundithandiza ine," anatero akazi awo. "Mng'ono wanu akukufunani. Mwathawa kamodzi, zakwana."

A Zitheka anapita Lamulungu masana. Anaima pageti nthawi yaitali asanagogode. Pakapinga panali mabala atatu akuda, ndi kanjira kopserera kolunjika pamiyala. Mlamu wawo ndiye anawalandira, n'kuwalowetsa pabalaza, pomwe panali mwamuna wake ndi bambo ake, bulangete lili m'miyendo.

A Zitheka anakhala pansonga ya mpando, chipewa chili m'manja. Ananena zonse, za migolo, za penti, za bodza, za ndowa yomwe anaiona n'kuidutsa. Magetsi sanawanamizire.

Mlamu wawo sanabise mawu. "Ndinakwiya, alamu. Sabata yonse sindinkafuna ndi kumva komwe za inu. Ndinakuuzani za chifuwa cha bambo."

"Munandiuza."

"Kwa mwini diresi tinakapepesa. Kuofesi amuna anga anasekedwa. Zimenezo zidzaiwalika. Koma mkazi muli nayeyo, musadzamusiyenso yekha pamoto."

Nkhalamba inatsokomola, kenako n'kuseka. "Koma ine ndinafundadi, mwana wanga. Pang'onong'ono ndikanafunda mpaka kalekale." Palibe anaseka nawo.

Mng'ono wawo anawaperekeza kuseri kwa galaja, komwe anaunjika mbaula zija. Zinali zakuda, penti atasenda ngati nkhanambo.

"Achimwene, mukanangondiimbira Lachisanu lija kuti sizinathe, tikanabwereka za gasi. Akanakusekani ndani?"

"Ndinkafuna andione, iwe."

"Ndani?"

"Anzako aja."

Mng'onoyo anayang'ana pansi, n'kuyamba kukanda njerwa ndi nsapato. "Nanenso ndinachedwa kukuonetsani kwa iwo," anatero. Kenako anawerama n'kugwira mwendo wa mbaula. "Gwirani uko."

Anazitengera kushedi pagalimoto. A Zitheka anaziwotcha pabwalo lopanda anthu kuseri kwa msewu, ataima kumbali yochokera mphepo, mpaka utsi woipa unatheratu. Zitapsa bwino zinakhala mbaula zabwino zedi, zotentha mofatsa, chumuni chikukoka monga momwe anauzira bwana uja. Zimenezo zinawawawa kuposa zikanakhala zoipa. Imodzi anapatsa alonda a pamsika, ina wokhoma mipando. Yachitatu, yomwe inawotcha akazi awo, anaidula zidutswazidutswa n'kubweza kwa wazitsulo zakale.

Masiku ano kukazizira m'mawa, amisiri amasonkhana pa mbaula ya wokhoma mipando kumwa tiyi. A Zitheka amapereka moni ali chapatali n'kulowa mushedi. Mng'ono wawo akakonza phwando amawaitana, ndipo amapita ndi akazi awo. Koma wina akanong'ona kuti, "Kodi awa si aja a mbaula?" makutu amawatenthabe.

Dzanja lija linapola, koma zala ziwiri zinauma, sizipinda bwino. Makina mayiwo amapalasa, singano amaigwira, koma sizasi inawakana. Ndiye m'mawa uliwonse a Zitheka asanapite kushedi amayala nsalu patebulo la pakhonde, akazi awo n'kujambula ndi choko, iwo n'kumadula. Munthu wozolowera chitsulo nsalu imamuterera, moti miyezi yoyamba anawonongapo zingapo.

"Mwatuluka mumzere, bambo."

"Pati?"

"Apo, pakhwapa. Mukufuna mwana wa eni ake azilephera kukweza dzanja m'kalasi?"

Amabwerera pang'onopang'ono, lilime lili panja, anthu odutsa mumsewu akuyang'ana. Akamaliza amapinda zidutswazo bwinobwino, kuziika pafupi ndi makina, n'kufunsa ngati pali inanso yofunika kudula asananyamuke.